Mwana wanga wachoka ku league kupita ku union, makolo anzanga akuti walanda malo

"Zikomo akochi. Ndine Mmalawi, ndimakhala ku Leeds. Mnyamata wanga ali ndi zaka 17 ndipo wakhala akusewera rugby league kuyambira ali ndi zaka 9, pa second row. Chaka chino walowa koleji yomwe imasewera rugby union yokha. Kochi atangomuona adamuika m'timu yoyamba, sabata ino pa centre, sabata inayo pa flanker. Vuto ndi lakuti walowa pamalo pa mnyamata wina amene wakhala m'timuyo kuyambira kale, ndipo pagulu la WhatsApp la makolo pachuluka mawu. Pamasewero apitawa adapalamula mapenate anayi, ena n'kumati kochi akukondera. Mwanayo wayamba kunena zosiya. Kodi kusintha kotereku kumatheka? Nanga kumusankha kumeneku n'chilungamo?" Bambo wodandaula, Leeds

Bambo, mtima m'malo. Mapenate anayi kwa mnyamata amene watha zaka zisanu ndi zitatu ku league si chizindikiro choti walephera. Ndikadadabwa mukadandiuza kuti sadapalamule ngakhale imodzi. Masewerowo sindidaonere, koma ndikhoza kulosera momwe zidayendera: awiri chifukwa chokakamira mpira atagwetsedwa, imodzi chifukwa chogonera mnzake atamugwetsa, inayo mwina adalowera chammbali pa ruck (polimbirana mpira munthu akagwetsedwa). Mukamufunse madzulo ano muone ngati ndaphonya kwambiri.

Ndiyambe ndawatengako owerenga akumudzi, poti ambiri rugby amaidziwira pa SuperSport akamaonera ma Springbok, n'kumayesa kuti ndi imodzi yomweyo. Ija ya a Siya Kolisi ndi union, ya anthu 15 mbali iliyonse. League ndi ya anthu 13, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa England komwe muliko inuko, kum'mawa kwa Australia, ndi ku Papua New Guinea komwe ndiwo masewero a fuko lonse. Awiriwa ndi ana a mimba imodzi amene adapatukana pa 29 Ogasiti 1895 mu George Hotel ku Huddersfield, pafupi ndi kwanuko. Nkhani idali ya ndalama. Osewera a kumpoto ambiri adali anthu a m'migodi ndi m'mafakitale a nsalu, ndipo akajomba kuntchito Loweruka kuti akasewere, malipiro a tsikulo ankadulidwa. Makalabu awo adafuna kumawabwezera kangachepe, akuluakulu a ku London adakana kwamtuwagalu, makalabu 22 n'kuchoka. Kuyambira pamenepo mpaka mu 1995, pomwe union nayo idavomera kulipira osewera, munthu wa union akangolawa league ankamutsekera chitseko moyo wake wonse. Tom van Vollenhoven, wing wa ma Springbok, adapita ku St Helens mu 1957 ndipo jezi yobiriwira sadaivalenso. Mbiriyi ndaitchula dala. Ena mwa mawu amene mukuwerenga pa WhatsApp sakukhudza mwana wanu n'komwe. Ndi mkwiyo wa agogo umene adzukulu angoulandira ngati chuma chamasiye.

Tsopano pomwe pagona nkhani. Kuthamanga ndi mpira, kupatsirana, kugwetsa munthu, zonsezi mwana wanu akuzidziwa, mwinanso kuposa anzake a m'timumo, chifukwa ku league mwana amagwira mpira ndi kugwetsa anthu kambirimbiri pamasewero amodzi. Masewero awiriwa amasiyanirana pa timasekondi tija munthu akangogwa pansi. Ku league ukagwetsedwa mpira ndi wako ndithu. Umaukumbatira ngati khanda, okugwetsawo amakugonera pang'ono kuti anzawo apeze mpata wobwerera mamita 10, kenako umadzuka, kuuika pansi, n'kuukankhira kumbuyo ndi phazi. Timu yako ili ndi mipata isanu ndi umodzi yotere, ikatha mpira upite kwa enawo. Ku union ukangogwa lamulo likuti siya mpirawo pompo, wokugwetsa naye akusiye agubuduke achokepo, ndipo mpira uja usanduka nyama yofera pakati pa mudzi. Aliyense amene waima ndi mapazi ake, bola wadzera kumbali ya timu yake, akhoza kuulimbirana. Ruck ndi imeneyo. Choncho zimene ankamuombera nazo m'manja zaka zonsezi ndi zomwezo zimene woyimbira akumuimbira wenzulo lero.

Ndidakhalapo ndi mnyamata wotere m'timu ya sukulu ina yomwe ndinkaphunzitsa. Masewero ake oyamba adadutsa anthu atatu ngati sakuwaona, wachinayi n'kumugwetsa patatsala mamita asanu kuti afike pamzere. Adadzuka ali phee, mpira uli m'manja, n'kuuika pansi bwinobwino, n'kuukankha ndi chidendene. Kumbuyo kwake kudalibe woulandira. Anzake onse adangoima kukamwa kuli yasa, ndipo woyimbira adayamba waseka asanaimbe wenzulo. Malamulo mnyamatayo ankawadziwa, tidawerengera limodzi sabata yomweyo. Koma munthu akatopa mutu umapuma, thupi n'kumachita zomwe lidazolowera. N'chifukwa chake vutoli silitha ndi kumukalipira kapena kumupatsa buku. Limatha ndi kugwa ndi kudzuka maulendo mazanamazana ku training mpaka thupi lizolowere zatsopanozo.

Mukayang'ana akatswiri amene adawolokapo, muona kuti osewera kutali ndi ruck ndiwo amazolowera msanga. Tengani fainolo ya World Cup ya 2003 ku Sydney. Australia idaika kumbuyo kwake Wendell Sailor, Lote Tuqiri ndi Mat Rogers, onse atatu ochokera ku league. England idali ndi Jason Robinson, mwana wobadwira ku Leeds komweko amene adatchukira ku Wigan. M'masewero onsewo mudali ma try (kugoletsa pokagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa timu inayo) awiri okha, ya Tuqiri ndi ya Robinson, England n'kupambana 20-17. Robinson adalowa ku Sale kumapeto kwa 2000, pofika pakati pa 2001 n'kuti akugoletsa kale atavala jezi ya British and Irish Lions. Koma taonani malo awo tsikulo: atatu pa wing, mmodzi pa fullback. Marika Koroibete, mwana wa ku Fiji, ndi nkhani yomweyo. Wa pa wing ntchito yake ndi kuwakha mpira wa m'mwamba, kuthamanga ndi kumaliza, ndipo zimenezi n'chimodzimodzi uku ndi uko.

Ukamayandikira pakati sukulu imatalika. Benji Marshall, amene ku league ankachita matsenga ndi mpira, adapita ku Blues ya ku Auckland mu 2014 n'kubwerera patangotha miyezi yochepa. Ankamufunira nambala 10, koma nambala 10 ku union ndiye woganizira timu yonse, pofunika kumenya mpira kutali, pofunika kuthamanga, pofunika kuusunga, ndipo zimenezo sudziwa pa mwezi umodzi. Roger Tuivasa-Sheck, fullback amene adasankhidwa wosewera bwino koposa mu NRL, ligi yaikulu ya league ya ku Australia, mu 2018, adaikidwa pa centre ku Blues komweko, adavala jezi ya All Blacks, timu ya union ya dziko la New Zealand, katatu, ku World Cup ya 2023 adamusiya, n'kubwerera ku Warriors, kalabu yake ya league. Nanga kwa ma forward, osewera akutsogolo? Kumeneko dzina lomwe aliyense amathamangira kutchula ndi la Brad Thorn, chifukwa anzake otere ndi osowa. Adachoka ku Brisbane Broncos n'kuyamba kuphunzira za lock mu 2001. Scrum (ma forward akamakankhana atalumikizana mapewa) ya ku league ndi yongoyambira masewero, palibe amakankha kwenikweni, ndipo lineout (kulumphira mpira woponyedwa kuchokera kumzere wa m'mbali) kulibiretu, choncho adayambira pa ndime ya mwana. Chaka chomwecho adamuitana ku All Blacks, iye n'kukana poti mtima udali usanakhazikike. Adadzayamba kuisewerera mu 2003, adabwererako ku league pakati apa, World Cup n'kudzainyamula mu 2011 ali ndi zaka 36. Zaka khumi, bambo.

Koma nkhani yofanana ndendende ndi ya mwana wanu ndi ya Sam Burgess, ndipo ndikupempha muiwerenge mofatsa. Mu Okutobala 2014 Burgess adasewera fainolo ya NRL ndi South Sydney fupa la tsaya litathyoka pa kugundana koyamba kwenikweni. Adamaliza mphindi zonse 80, timu yake idatenga chikho, iye n'kusankhidwa wosewera bwino koposa. Za kulimba mtima kwake palibe adakayikapo. Patapita milungu yochepa adali ku Bath, kalabu ya union ya ku England. Kochi wa Bath, Mike Ford, atamuyesa pa centre adaona kuti munthuyu ndi flanker, ndipo fainolo ya Premiership ya mu Meyi 2015 adaisewera atavala nambala 6. Stuart Lancaster, kochi wa timu ya dziko la England, ankamufuna pa centre. Ndiye munthu amene adali asanathe chaka ku union ankaphunzira ntchito ziwiri nthawi imodzi, ku kalabu ina, ku timu ya dziko ina. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Mu Ogasiti adamuika pamndandanda wa World Cup n'kusiya Luther Burrell, amene adagwira malo a pakatiwo mu Six Nations ya 2014 ndi ya 2015. England idagonja kwa Wales 28-25 pa Twickenham, kenako kwa Australia 33-13, n'kutulukira m'ndime ya m'magulu mpikisano uli pakhomo pake. Zala zambiri zidaloza Burgess. Chimene anthu amaiwala n'chakuti pomwe ankamutulutsa pamasewero a Wales aja, kutatsala mphindi ngati 10, England inkatsogola 25-18. Pofika Novembala adali atabwerera ku Sydney, Lancaster nayenso ntchito itatha. Burrell uja, dziko ili n'lozungulira, adadzapita yekha ku league, ku Warrington, mu 2019.

Kwa ine Burgess sadalephere union. Adamufulumizitsa, ndipo akuluakulu awiri sadagwirizane kuti iyeyo ndi ndani. Powerenga kalata yanu, nditafika pa mawu akuti "sabata ino pa centre, sabata inayo pa flanker" ndidayamba ndaima. Mapenate aja sadandidetse nkhawa, koma apa ndiye pandidetsa.

Chimene chimasokoneza makochi n'chakuti second row wa ku league alibe mnzake weniweni ku union. Amathamangira chakumbali kwa bwalo pafupi ndi centre, choncho mathamangidwe ake ndi a nambala 12 (centre), pomwe thupi ndi ukali wake ndi za nambala 6 (flanker). Ine kwa mnyamata wa zaka 17 amene wangofika kumene ndimayambira pa 12. Pamenepo zomwe akudziwa kale zimagwira ntchito tsiku lomwelo: kuthamanga molunjika, kupereka mpira ali m'manja mwa omugwetsa, kutseka njira. Flanker amakhala mphuno ili mu ruck masewero onse, kuonjezera scrum, lineout ndi zizindikiro zake zoloweza pamtima, ndiye kuti mwamuika pomwe pali mbuna zonse. Ngati thupi lake lidzamukokere kwa ma forward, zidzachitike chaka chamawa nyengo isanayambe.

Tibwere ku funso la chilungamo, ndipo apa sindikunyengererani. Makolo enawo ali ndi mfundo, ngakhale akuinena moipa. N'zoona kuti kochi ali ndi ufulu wosankha amene akuona kuti apambanitsa timu, ndipo mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ma Lions amene adagonjetsa ma Springbok mu 1997 adadalira anthu ongobwera kumene kuchokera ku league, monga Scott Gibbs, Alan Tait ndi John Bentley. Katchingidwe komwe union ikugwiritsa ntchito masiku ano kambiri kadabwera ndi anthu a league, a Phil Larder, a Shaun Edwards, a Andy Farrell. Mu Novembala 2024 kochi Joe Schmidt adaika Joseph Suaalii, wochokera ku league, m'timu ya Australia pa Twickenham asanasewereko ngakhale masewero amodzi a union yolipidwa. Anthu adalankhula, mnyamatayo n'kusewera mochititsa kaso, Australia kupambana 42-37. Koma Suaalii union adaisewera kusukulu mpaka kufika m'timu ya ana asukulu ya dziko lake, choncho iyeyo ankangobwerera kwawo. Kochi wa mwana wanu akuoneka kuti adadzifunsa kuti ndani ali ndi luso kuposa mnzake. Pali funso lachiwiri, loti ndani akudziwa ntchito ya malo awa pamasewero akubwerawa, ndipo kawirikawiri mafunso awiriwa amatchula anthu osiyana.

Komanso pali mnyamata winayo, amene kalata yanu yangomudutsa. Mu 2013 Sonny Bill Williams adauza timu ya league ya New Zealand kuti sapita nawo ku World Cup, mndandanda utatuluka n'kusintha maganizo. Tohu Harris, amene adali atauzidwa kale kuti ali paulendo, adachotsedwa kuti Williams alowe. Williams ndi katswiri amene adatenga World Cup ya union kawiri, mu 2011 ndi mu 2015, koma nkhani ija ikatchulidwa anthu amamvera chisoni Harris. Inenso ndidachitapo zofanana, ndipo zimandiwawabe. Mnyamata wa chidendene uja ndidamulowetsa mu semifainolo atangokhala nafe milungu itatu, n'kuchotsa mwana amene sadajombepo ku training ngakhale tsiku la mvula. Sindidamuitanire pambali kuti ndimufotokozere. Adaziwerengera yekha papepala lomwe ndidakhoma pachitseko cha chipinda chovalira. Adaima pamenepo kanthawi, chikwama chili kumsana, n'kutuluka. Sadabwerenso. Masewerowo tidapambana, koma timu idagawikana mpaka nyengo idatha, ndipo wosenza chidani chonsecho adali mlendo uja amene sadalakwe kanthu.

Ndiye muchite chiyani? Pa WhatsApp musayankhepo, ngakhale chala chiyabwe bwanji. Pemphani kuonana ndi kochi maso ndi maso, mwana ali pomwepo, ndipo musapite ngati wokaimba mlandu. Mufunseni kuti mwanayu akumuona pa malo ati, n'kupempha kuti amusiye pamalo amodziwo mpaka nyengo ithe. Mufunsenso ngati angamupatseko masewero angapo m'timu yachiwiri, kapena azilowa kuchokera pa benchi chigawo chachiwiri. Ndikudziwa kuti kwa kholo zimamveka ngati kubwerera m'mbuyo, koma m'timu yachiwiri akhoza kulakwa kakhumi popanda womujambula pafoni n'kuponya pagulu. Pa zomwe ndaona ine, mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri yotere, kuphatikiza mphindi 15 za kugwa, kusiya mpira ndi kugubuduka pakutha pa training iliyonse, mapenate aja amatsika okha. Ngati angalimbe mtima, mwana wanu apemphe mnyamata amene adamulowa m'malo uja kuti azichita naye zimenezi. Uyo amadziwa ruck, wanuyo amadziwa kugwetsa, ndipo ndaonapo ana awiri otere akuithetsa nkhani makolo awo akadali kukokanakokana.

Pali zina zomwe simudafunse koma sindingazisiye. League kwanuko imaseweredwa kuyambira chakumayambiriro kwa chaka mpaka cha mu Okutobala, pomwe union imayamba mu Seputembala kukafika cha mu Meyi. Mwana akamasewera zonse ziwiri ndiye kuti chaka chathunthu akugundidwa popanda mwezi wopuma, chonsecho thupi la zaka 17 likadakula. Khalani naye pansi musankhe miyezi yopuma. Kagwetsedwe nako kayang'aniridwe. Ku league adazolowera kugwira munthu chakumtunda kuti atsekereze mpira, koma kuyambira mu 2023 malamulo a union ya masukulu ndi makalabu ang'onoang'ono ku England amafuna kuti ugwire kumunsi kwa fupa la pachifuwa, ndiye akapanda kutsika ayamba kuona makadi. Wina akadzati thupi lakelo n'loyenera pa prop kapena hooker, malo a kutsogolo kwenikweni kwa scrum, mukane mpaka ataphunzitsidwa scrum ndi munthu amene adachita maphunziro ake, chifukwa kumeneko kulakwitsa kumathyola khosi.

Akagundidwa mutu n'kumamva chizungulire, litsipa, nseru, kapena kuiwala zomwe zachitika, atuluke m'bwalo nthawi yomweyo, aonedwe ndi dokotala, ndipo asabwerere msanga poopa kutaya malo. Ana amene malo awo akulimbiranidwa ndiwo amabisa zizindikiro zotere, ndiye inuyo mukhale tcheru. Akamasanza mobwerezabwereza, mutu ukamakulirakulira, akamasokonekera kapena kuvuta kudzutsa, thamangirani naye ku A&E, kuchipatala cha odwala mwadzidzidzi, usiku womwewo.

Ngati adasainapo pepala lililonse ndi academy ya kalabu ya league, liwerengeni musanapitirire, chifukwa mapepala ena amaletsa kusewera kwina popanda chilolezo. Munthu akadzabwera ndi kontirakiti ya ndalama, kaya wa mbali iti, musasainire pamalo oimika galimoto. Pitani nayo kwa loya wodziwa zamasewero.

Za kusiya zija, mumufunse bwino kuti akufuna kusiya chiyani. Ngati ndi union, palibe chamanyazi. Marshall adabwerera, Tuivasa-Sheck adabwerera, Burgess adabwerera, ndipo njira yolowera ku league nayo ikuyendedwa: Mark Nawaqanitawase adasewera World Cup ya union ya 2023 ndi Australia, chaka chotsatira n'kulowa Sydney Roosters. Chitseko chomwe adamutsekera Van Vollenhoven chidazulidwa kale. Koma ngati akunena zosiya rugby yonse, chakudya akungochitosa, tsiku la training sakufuna kupita ku koleji, ndiye kuti mawu a makolo aja amufika, ndipo nkhaniyo yadutsa pa msinkhu wa kochi. Mukaonane ndi amene amayang'anira chitetezo cha ana pakolejipo, ndipo mauthenga a pa WhatsApp aja musafufute, mupite nawo.